Musanavomere ntchitoyo, afunseni za tsiku limene sistemu inagwa

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Ndine injiniya wa mapulogalamu a pakompyuta ndipo kampani ina yandiitana ku intavyu yomaliza. Pa webusaiti yawo alemba kuti iwo ndi banja limodzi, ndipo mu ofesi muli chakudya chaulere ndi masewera. Kumene ndikugwira panopa ankanenanso zomwezi, koma anthu timakhala mwamantha. Ndingadziwe bwanji mmene kampaniyi ilili ndisanasaine kontrakiti?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa. Anzathu ambiri amangokonzekera mayeso a code (malangizo amene amalembedwa popanga pulogalamu), ndiye kumapeto akafunsidwa ngati ali ndi funso amangoti ayi, zikomo. Mphindi zimenezo ndi zanu, ndipo mpamene inunso mumayesa kampaniyo.

Zoti "ndife banja" musaziike kumtima. Mu Novembala 2022 Meta, kampani ya Facebook, inachotsa anthu 11,000, ndipo mu Januwale 2023 Google inalengeza zochotsa 12,000, Microsoft 10,000. Makampaniwa amadziwika ndi maofesi okongola, koma bizinesi itasintha anthu anapita. Chakudya ndi masewera sizikuuzani mmene adzakuchitireni zinthu zikathina.

Funso limene ine ndimalidalira ndi ili: "Tandiuzeni za nthawi yomaliza imene sistemu yanu inagwa. Chinachitika n'chiyani, nanga amene analakwitsayo zinamuthera bwanji?"

Pa 31 Januwale 2017, injiniya wina wa GitLab, kampani imene imasungira anthu code yawo, ankakonza vuto la database (nkhokwe ya data) usiku, ndipo anafufuta mafailo pa seva (kompyuta yosunga data) yolakwika, imene makasitomala ankagwiritsa ntchito. Atathamangira ku backup (makope a data osungidwa padera) anapeza kuti pa njira zisanu zimene ankadalira, panalibe imene inkagwira bwinobwino. Data ya maola pafupifupi 6 inatayika. Chimene chimandigwira mtima n'chimene kampaniyo inachita pambuyo pake. Inaonetsa ntchito yokonzayo pa YouTube anthu akuonerera, kenaka inatulutsa lipoti lofufuza chifukwa chimene munthu mmodzi wotopa anathera kuwononga zambiri chonchi popanda chomutchinga. Mlandu anaupereka kwa ndondomeko zawo. Njira imeneyi amaitcha blameless postmortem, ndipo Etsy, kampani yogulitsira zinthu pa intaneti, ndi imodzi mwa makampani amene anaitchukitsa cha mu 2012.

Ena amaganiza kuti kumeneku n'kulekerera aulesi. Ine ndimakana. Injiniya amene akudziwa kuti akaulula adzanyozedwa pamaso pa anzake amabisa cholakwa, ndipo bug (cholakwika cha mu pulogalamu) yobisidwa imakula mpaka kudzaphulika pa nthawi yoipa. Amene sakuopa amafuula msanga kuti "ndaphwanya chakuti, tandithandizeni", vuto n'kutha lisanafike kwa makasitomala. Google itafufuza matimu ake 180 mu kafukufuku wotchedwa Project Aristotle, inapeza kuti chachikulu pa matimu ochita bwino chinali chakuti anthu ankamasuka kufunsa ndi kuvomera kulakwa osaopa kuchititsidwa manyazi. Wofufuza Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard analemba kale za zimenezi mu 1999.

Ndiye mukafunsa, tcherani khutu. Akakufotokozerani momasuka, n'kutchula chimene anasintha pa sistemu, kumeneko n'kwabwino. Akati "kuno zoterozo sizichitika", mwina akubisa kapena sakudziwa n'komwe zimene zikuchitika mu timu yawo. Akayankha kuti "munthuyo tinathana naye", mwamva kale chimene chikukudikirani, chifukwa palibe injiniya amene sadzaphwanya kanthu tsiku lina.

Onaninso mmene akukulemberani ntchito. Kale Google inkatchuka ndi mafunso ozunguza mutu, koma mu 2013 mkulu wake woona za antchito, Laszlo Bock, ananena poyera kuti mafunsowo anali kungotaya nthawi. Ngati kampani ikadali pamenepo, wofunsa n'kumasangalala inu mukuvutika, code review yawo (kuunikirana code pakati pa mainjiniya) idzakhalanso yotero. Chimodzimodzi ntchito yokachitira kunyumba imene ikudya Loweruka ndi Lamlungu lonse popanda malipiro. Automattic, eni ake a WordPress.com, amalipira munthu akamamuyesa pa projekiti, choncho n'zotheka kulemekeza nthawi ya wofunsira ntchito.

Pali nkhani ina imene achinyamata ambiri amaizindikira mochedwa, ya on-call, kutanthauza kukhala wokonzeka kuitanidwa nthawi iliyonse sistemu ikavuta. Funsani kuti mu timumo amasinthana anthu angati, foni imalira kangati usiku, ndiponso ngati wodzutsidwayo amapatsidwa nthawi yopuma kapena ndalama. Anthu akakhala ochepa, tulo tanu ndi timene tidzalipire kuchepako.

Pemphaninso kucheza ndi injiniya mmodzi wa mu timu imene mukalowe, bwana palibe. Kampani imene ikukufunanidi siivutika kukonza zimenezi. Mufunseni funso lomwe lija la sistemu yogwa, muone ngati nkhani yake ikufanana ndi imene abwana anakuuzani. Za on-call zimene mwagwirizana, pemphani kuti zilembedwe mu kontrakiti musanasaine.