Mbira zanga zikununkha, kodi ndizizisambitsa Loweruka lililonse?

Mayi wina wa ku Santhe wanditumizira imelo yokhudza mbira za mwana wake. Zilipo ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndipo zimakhala m'kakhola pakhonde la kukhitchini. Akuti zayamba kununkha, yaimunayo ikungodzikanda usana ndi usiku, ubweya wa pamsana wayamba kuthothoka. Akufunsa ngati azizisambitsa Loweruka lililonse, komanso ngati sopo wochapira zovala angathandize.

Mayi, chonde sopoyo musiyireni zovala, ndipo za Loweruka lililonsezo zisiyeni. Mbira imadzisamalira yokha. Mukaiyang'anitsitsa m'mawa mudzaona timadzi toyera ngati mkaka tikutuluka m'kona mwa diso, iyo n'kutipaka kumaso ndi timiyendo takutsogolo. Ameneyo si matenda, ndiko kusukusula kwake. Mbira ya ubweya waufupi, ngati zambiri zomwe timaweta kuno, imatha chaka chonse osaona beseni koma ili bwinobwino. Kusambitsa pafupipafupi kumachotsa mafuta a pakhungu, khungu limauma, kuyabwa n'kuwonjezeka. Choopsa kwambiri n'chakuti mbira yonyowa imazizidwa msanga ndipo chibayo sichichedwa kuigwira. Makolo a nyamazi anachokera ku mapiri a Andes, ku Peru ndi maiko oyandikana nawo, koma zimakhala bwino pamalo ofunda madigiri 18 mpaka 24 basi. M'mawa wa Juni kapena Julaye kuno ku Kasungu, mwera ukuwomba, kunyowetsa mbira n'kuiika pachiswe.

Fungo mukunenalo, ine ndikukayikira khola osati mbira. Mbira imakodza kwambiri ndipo imakodzera pomwe yagona. Pansi pakakhala chiguduli kapena udzu womwewo masiku ambiri, ubweya wa kumimba umamwa mkodzo. Muzichotsa ndowe ndi udzu wonyowa tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa sabata muzichotsa zonse, kutsuka pansi, kudikira paume n'kuyala udzu wouma watsopano. Utuchi wosalala wa kwa akalipentala si wabwino, fumbi lake limalowa m'mphuno. Pansi pa waya napo ayi, pamatupitsa mapazi n'kuyambitsa zilonda. Ndowezo musataye, kudimba zimagwira ntchito.

Pali malo ena amene fungo limachokera, makamaka kwa yaimunayo. Kumbuyo kwake, pamene pakanakhala mchira, pali kamalo kotulutsa mafuta amene imagwiritsa ntchito posiya fungo lake. Mukakhudza mudzamva ubweya utamatirirana. Donthezani pamenepo mafuta ophikira pang'ono, mufikise ndi chala, mudikire mphindi zingapo kuti litsiro lifewe, kenako mutsuke malo okhawo ndi kansalu ka madzi ofunda ndi kadontho ka shampu ya ana. Nthawi zambiri kusamba konse komwe mbira yaimuna imafuna ndi kumeneku.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi kudzikandako. Patulani ubweya pa dzuwa muyang'ane khungu. Mukaona tizilombo totuwa tikuyenda ndi timazira tomatirira pa ubweya, ndi nsabwe za mbira, ndipo sizikhala pa munthu. Mukaona bwalo lopanda ubweya lokhala ndi mfundu, makamaka kumaso kapena m'makutu, chingakhale chipere. Chimenecho chimapatsira anthu, choncho mwana azisamba m'manja ndi sopo akaigwira, ndipo asamainyamule pakhosi. Koma ngati simukuona kachilombo kalikonse, chikhalirecho mbira ikudzikanda mpaka magazi, pamapewa ndi pamsana pali nkhanambo, ikulira mukaigwira, ndiye kuti mwina ndi mphere. Kachilombo kake, Trixacarus caviae, kamaboola n'kukhala mkati mwa khungu ndipo sikaoneka ndi maso. Madzi ndi sopo sizikafika mmenemo, zimangowonjezera ululu, moti mbira yodwala kwambiri imatha kugwa n'kumaphupha. Mankhwala ake ndi ivermectin, amene amaperekedwa potengera kulemera kwa mbirayo ndipo amabwerezedwa pakapita masiku 7 mpaka 14 chifukwa sapha mazira. Pitani nazo zonse ziwiri kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu, osati yodwala yokhayo, ndipo khola litsukidwe tsiku lomwelo. Mbira yaikulu imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndiye mlingo wongoyerekeza potengera wa mbuzi ukhoza kuipha.

Ndikudziwa kuti aneba sasowa malangizo. Wina adzati muiviike m'dibi wa ng'ombe, wina adzati muiwaze mankhwala a anankafumbwe, ndipo poti kuno fodya ndi wosasowa, wina adzati fumbi la fodya limapha nsabwe. Zonsezi mbira imanyambita podzisamalira, ndipo ikhoza kufa. Chimodzimodzi makapisozi a anthu: penicillin ndi amoxicillin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa mbira, imayamba kutsekula m'mimba ndipo kawirikawiri siipulumuka.

Simunanene zomwe zimadya. Thupi la mbira silipanga lokha vitamini C, ndipo akasowa ubweya umanyankhalala, mfundo zimatupa, mphere n'kupeza polowera. Madeya okhaokha sakwanira. Udzu uzikhalapo nthawi zonse, chifukwa ndi umene umaperesa mano ake amene amakula moyo wonse, ndipo tsiku lililonse muzionjezera masamba aawisi monga mpiru kapena kholowa, kagawo ka tsabola wobiriwira wosawawa uja, apo ndi apo kachidutswa ka gwafa. Masamba a mbatata ya kachewere ndi poizoni kwa mbira.

Tsiku losambitsa limafika ndithu, monga mbira ikadzola matope kapena kumbuyo kukamatirira ndowe. Nyengo yotentha ndi yamvula, ntchentche zimaikira mazira pa ubweya wakuda chotero ndipo mphutsi zimayamba kudya mnofu m'tsiku limodzi lokha. Sankhani masana a tsiku lofunda. Beseni likhale pansi, chifukwa mbira imalumpha ikachita mantha ndipo ikagwa kuchokera patebulo imathyoka. Ikani kansalu pansi pa beseni kuti isaterereke, madzi ofunda pang'ono ofika m'miyendo basi, muwayese ndi chigongono. Dzanja limodzi ligwire pachifuwa, linalo lizithira madzi ndi kapu kuyambira paphewa kupita kumbuyo. Mutu usanyowe, m'makutu ndi m'mphuno musalowe madzi. Ipakeni kadontho ka shampu ya ana, mutsukuluze mpaka thovu lithe, muikulunge m'thaulo, mupukute mpaka iume ndithu musanaibwezere m'khola. Osaiyanika pa dzuwa la Okutobala, mbira imakomoka ndi kutentha kukapitirira madigiri 28 kapena 30. Yaikaziyo, poti ikukhala ndi yaimuna, mwina ili ndi bere, lomwe limatenga miyezi iwiri ndi masiku angapo. Imeneyo musaisambitse n'komwe, ingoipukutani ndi kansalu.

Ntchito imene mwana wanu angamaigwire Loweruka ndi kupesa ndi kuona zikhadabo. Kaburashi kofewa kapena mswachi wakale ndi wokwanira, kutsata komwe ubweya wagonera. Akaona kadazi kuseli kwa makutu asadandaule, mbira iliyonse ili nako. Zikhadabo zimafunika kuwenga kamodzi pa mwezi, apo ayi zimapindika n'kulowa m'phazi. Gwiritsani ntchito chowengera zikhadabo wamba, mudule kansonga kokha, chifukwa mkati muli kamtsempha kamene pa zikhadabo zoyera kamaoneka kofiira. Pa zakuda muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo. Mukadula mopitirira magazi n'kutuluka, tsinani ufa woyera pang'ono musindikize pamenepo kwa mphindi imodzi, amasiya.