Kompyuta idikire kaye: yankho kwa mnyamata wa ku Ulongwe wofuna kutsatsa malonda pa intaneti

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mnyamata wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndinamaliza kalasi 12 koma ntchito sikupezeka. Mayi anga amagulitsa mbatatesi ndi nyemba. Ndikufuna ndiziwatsatsira pa intaneti, zikayenda ndizitsatsiranso anthu ena n'kumapeza kangachepe. Ndasunga 9,000 meticais. Kodi ndigule kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito, ndilipire webusaiti, kapena ndilowe maphunziro amene akutsatsidwa pa Facebook oti munthu amalemera m'miyezi itatu? Zida zofunika ndi ziti kwenikweni?"

Achimwene, pa zitatu mwatchulazo musagule n'chimodzi chomwe. Munthu amene adzagule thumba la mbatatesi la mayi anu ali pa WhatsApp, ndipo sadzatsegula webusaiti yanu ngakhale mutaikongoletsa bwanji. Zida zanu zikhale zokufikitsani pamene pali iyeyo.

Foni ndiye poyambira. Ya Android iliyonse imene kamera yake siinachite khungu, batire lake limafika madzulo, ndiponso imalowa ma SIM awiri, yakwana. Ma SIM awiriwo musawaone ngati matama. Movitel, ya manambala oyamba ndi 86 ndi 87, inabwera mu 2012 n'kufika m'midzi yambiri, choncho alimi ndi ogula akumudzi ambiri ali kumeneko. Vodacom, ya 84 ndi 85, ili ndi anthu ambiri a m'tauni. Wogula amakonda kuimbira nambala ya kampani yake chifukwa ndi kumene ali ndi mphindi zotsika mtengo. Nambala imodzi muipatule ikhale ya malonda basi, yolembetsa m'dzina lanu ndi chiphaso chanu cha unzika (BI). Gulaninso power bank. Inde, damu lopanga magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, koma foni ikathima wogula ali pakati pofunsa mtengo, iye sadikira, amapita kwa wina.

Pa nambala ya malondayo ikanipo WhatsApp Business. Ndi yaulere, inatuluka mu 2018, ndipo imasiyana ndi WhatsApp wamba pa zinthu zingapo zothandiza. Muli malo oika zithunzi za katundu ndi mitengo yake, moti wofunsa amadzionera yekha. Mutha kusunga mayankho a mafunso obwerezabwereza, monga akuti "muli pati?" ndi "mumatumiza ku Tete?", n'kumangowatumiza osalembanso. Muthanso kuika chizindikiro pa munthu aliyense: uyu walipira, uyu akudikira katundu, uyu ali ndi ngongole.

Koma pali chinthu chimene oyamba kumene sachidziwa, ndipo ndi chimene chimawagwetsa ulesi. Status yanu imaonedwa ndi anthu okhawo amene munasunga nambala zawo, iwonso anasunga yanu, ndipo imafufutika pakatha maola 24. Uthenga wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi umalola anthu 256 pa mndandanda umodzi, koma umafika kwa okhawo amene nambala yanu ili m'foni mwawo. Ndiye mukhoza kuika zithunzi m'mawa ndi madzulo, oona n'kukhala azisuweni anu ndi anzanu a kusukulu okhaokha, amene mbatatesi amakumba kudimba kwawo. Ntchito yeniyeni ndi yosonkhanitsa manambala a anthu ogula, ndipo imeneyo imagwiridwa ndi miyendo. Khalani pambali pa mayi tsiku la msika. Aliyense wogula thumba lathunthu, makamaka a magalimoto opita kumunsi, m'pempheni nambala ndipo muonetsetse kuti wasunga yanu musanasiyane. Lembani nambalayo ndi maka pa thumba lililonse lotuluka. Mukapeza mpata tsikirani ku Tete, muyende m'malesitilanti, kwa okazinga tchipisi, pa msika wa Kwachena, ku Matundo mpaka ku Moatize kumene migodi ya malasha inasonkhanitsa anthu odya zogula. Manambala 40 a anthu otere amaposa anthu 4,000 okutsatirani pa Facebook amene amangoti "zabwino" n'kudutsa.

Za zithunzi. Jambulani panja m'mawa dzuwa lisanawale kwambiri, mutapukuta galasi la kamera ndi malaya. Mbatatesi zisakhale mulu wakutali. Tengani zitatu m'dzanja kuti kukula kwake kuoneke, ina muidule pakati, ndowa yoyezera ikhale pambali. Nyemba thirani m'lichero, mtundu uliwonse pawokha. Ndipo jambulani katundu amene muli naye lero, osati chithunzi chokongola chotola pa intaneti, chifukwa wogula akatsegula thumba n'kupeza zina, nkhani yake ifika kutali kuposa kutsatsa kwanu. Mtengo lembani poyera. Chizolowezi chija chomati "mtengo bwerani ku inbox" chimandinyansa, ndipo ogula ambiri amangoganiza kuti mukufuna kuyamba mwaona nkhope musanatchule ndalama. Canva imathandiza kulemba mtengo ndi nambala pa chithunzi, CapCut kudula kavidiyo, zonse zili ndi mbali yaulere, koma zimadya ma mega, choncho musatengeke nazo.

Chilankhulo nachonso ndi chida. Kwathu kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, uthenga wa mawu m'Chichewa umagwira ntchito kuposa zolemba, popeza ena kuwerenga kumawavuta koma kumva amamva bwino. Mumzinda wa Tete anthu amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, ndiye zotsatsa zopita kumeneko lembani m'Chipwitikizi chachidule.

Tsamba la Facebook tsegulani, ndi laulere, ndipo lowani m'magulu a zogula ndi zogulitsa a ku Tete. Zotsatsa zolipira zija zisiyeni kaye. Zimafuna khadi la kubanki, ndipo zimangochulukitsa anthu oona chinthu chimene simunadziwe ngati chimagulitsa.

Tsopano ndalama. Mukhale ndi M-Pesa, imene inayamba m'dziko muno mu 2013, komanso e-Mola ya Movitel. Ilipo mKesh ya Tmcel, koma ziwiri zoyambazo zikukwanirani poyamba. Ndalama yodulidwa potapa kwa ajenti muiwerengere mu mtengo, apo ayi phindu lithera pamenepo. Ndipo mverani bwino apa: uthenga woti ndalama yalowa si ndalama. Akuba amalemba uthenga wofanana ndendende ndi weniweni, kenako n'kuimba mwaulemu kuti atumiza molakwitsa, muwabwezere. Ena amatumiza chithunzi chosonyeza kuti alipira. Inu imbani *150# pa M-Pesa kapena *898# pa e-Mola, muone nokha ndalama yotsala, kenako katundu anyamuke. PIN yanu musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Chimodzimodzi manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS: wowapempha akufuna kulanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa ogula anu m'dzina lanu. Tsegulani chitetezo cha PIN yachiwiri mu WhatsApp lero lomwe.

Popeza muli pafupi ndi malire, ogula ena adzachokera ku Dedza kudzera pa Calómuè kapena ku Lizulu. Amenewo amaganiza m'makwacha ndipo ali ndi Airtel Money kapena Mpamba. Gwirizanani ndalama yolipirira musanagwirizane mtengo, chifukwa kasinthidwe ka pamalire sikakhazikika.

Chida china chimene a maphunziro a pa intaneti sangakuuzeni ndi dalaivala wokhulupirika. Kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Tete ndi ulendo wopitirira makilomita 200, kuchoka kozizira kupita kotentha koopsa. Kabichi ndi tomato zimafika zitalefuka, n'chifukwa chake muli ndi mwayi kuti mayi amagulitsa mbatatesi ndi nyemba. Pokweza katundu pa chapa (minibasi) kapena pa lole, jambulani thumba, jambulani nambala ya galimoto, tengani foni ya kondakitala, zonse mutumizire wogula. Nenani poyambirira amene alipire mayendedwe. Kwa munthu watsopano, alipire theka katundu asananyamuke.

Gulaninso kope la masamba olimba. Tsiku, dzina, katundu, ndalama yalowa, ya mayendedwe, ya ma mega, ndiponso funso ili: wamva kuti za ife? Pakatha miyezi iwiri kopelo likuuzani ngati ogula akuchokera ku status, ku magulu a Facebook kapena ku nambala yolemba pa thumba ija.

Maphunziro olemeretsa m'miyezi itatu aja, funsani funso limodzi: kodi ndalama imachokera pa kugulitsa katundu, kapena pa kulowetsa anthu ena amene nawonso alipire? Ngati ndi kulowetsa anthu, thawani. Za kagwiritsidwe ntchito ka WhatsApp Business ndi Facebook zili pa YouTube kwaulere, zambiri m'Chipwitikizi cha ku Brazil chimene mumamva bwinobwino.

Zotsatsira anthu ena zibwera mukakhala ndi choonetsa. Mwini salon kapena wogulitsa kaunjika sadzakufunsani satifiketi, adzafuna kuona matumba angati a mayi anu anapita ku Tete chifukwa cha foni yanu. Mukafika pogulitsa kwa malesitilanti akuluakulu kapena makampani, adzafuna NUIT, nambala yanu ya msonkho, ndi mapepala a bizinesi, ndipo za zilolezo mukafunse ku BAÚ, ofesi ya boma yopereka zilolezo za bizinesi. Nthawi imeneyo ndi pamene kompyuta ingayambe kukhala ndi ntchito.

Pa 9,000 yanuyo, ngati foni muli nayo kale, chotsani ya power bank, SIM, kope ndi ma mega a miyezi itatu, musungenso ya ulendo umodzi wa ku Tete wokatenga manambala. Yotsalayo onjezerani pa mpamba wa mayi, koma mugwirizane nawo poyera kuti pa thumba lililonse logulitsidwa kudzera pa foni, gawo lanu ndi zingati, ndipo mulembe m'kope iwo akuona.