Mwana akufuna kuphunzira za maufumu akale a ku Korea ndi China: adzadya chiyani?

Funso: Mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya mbiri yakale. Akuti akufuna kufunsira mwayi wokapitiriza maphunziro ku South Korea kapena ku China, kuti akafufuze za maufumu akale akumeneko ndi mmene malire awo ankasunthira. Ine ndimafuna achite zamalamulo. Kodi mafumu a eni ake, omwe anafa kalekale, adzamudyetsa? Bambo wa ku Dedza.

Yankho: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo sindikunamizani. Ntchito yolengezedwa kuti pakufunika katswiri wa mbiri ya Korea simudzaiona kawirikawiri m'nyuzipepala. Koma mafumu mukuti anafa kalekalewo akukanganitsabe maboma mpaka lero.

Kunali ufumu wotchedwa Goguryeo, womwe unagwa mu 668 utathiridwa nkhondo ndi asilikali a Tang ochokera ku China mothandizana ndi Silla, ufumu wina wa ku Korea. Dziko lake linali kumpoto kwa Korea ndi chigawo chachikulu cha Manchuria, chomwe lero chili m'manja mwa China. Chimwala cholembedwa ntchito za mfumu yake yotchuka, Gwanggaeto, chinaimikidwa mu 414, ndipo chili mumzinda wa Ji'an, tsidya la China la mtsinje wa Yalu. Nanga ufumuwu ndi makolo a yani? Anthu a ku Korea amauwerenga pakati pa maufumu atatu omwe anabala mtundu wawo, ndipo dzina loti Korea linachokera kwa Goryeo, ufumu wapambuyo pake womwe unatengera dzina la Goguryeo. Koma mu 2002 akatswiri a bungwe lofufuza la boma la China, Chinese Academy of Social Sciences, anayamba kafukufuku wotchedwa Northeast Project, nanena kuti Goguryeo ndi gawo la mbiri ya China. Ku Seoul, likulu la South Korea, anthu anapsa mtima, ndipo mu 2004 nthumwi za maboma awiriwa zinachita kukhalirana pansi kuti nkhaniyo izizire. Pa zokambirana zotere, wodziwa mbiri ndiye amanong'oneza nduna zoti iyankhule.

Nkhani zotere ndi zambiri kuderali. Okinawa unali ufumu wa Ryukyu, wokhala ndi mfumu yakeyake, mpaka Japan anaumeza mu 1879. Dera lomwe kuli mzinda wa Vladivostok linachoka m'manja mwa mafumu a Qing kupita kwa Russia mu 1860. A Qing enieniwo, omwe analamula China kuyambira 1644 mpaka 1912, anali Amanchu, osati a mtundu wa Han womwe ndi wochuluka m'dzikomo. Taiwan inalamulidwa ndi Adatchi, kenako a Qing kuyambira 1683, kenako Japan kuchokera 1895 mpaka 1945. Ya Taiwanyi inatikhudza ndi ife: kumapeto kwa 2007 Malawi anathetsa ubale ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe ndi imodzi mwa zotsatira zake.

Tsono zomwe ndikufuna mukamuuze mwana wanu ndi izi. Chomwe chidzamudyetse ndi chinenero. Pepala la digiri palokha lidzamusiya pamzere limodzi ndi anzake ambiri, koma munthu wodziwa Chitchaina kapena Chikoreya bwinobwino, wodziwanso mabala akale a mayikowa, amafunika ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, kumaofesi a akazembe, kumakampani ochita malonda ndi mayikowo, pa ntchito yomasulira, ya utolankhani, ndi yophunzitsa payunivesite. Ayambe chinenerocho panopa, asadikire ndege. Mayeso a Chitchaina amatchedwa HSK, a Chikoreya TOPIK, a Chijapani JLPT. Thandizo la maphunziro la boma la South Korea, Global Korea Scholarship, limayamba ndi chaka chathunthu cha chinenero, ndipo wophunzira amayenera kufika gawo lachitatu la TOPIK asanayambe maphunziro enieniwo. Boma la China lilinso ndi thandizo lake, ndipo la Japan, lotchedwa MEXT, limafunsiridwa kudzera ku ofesi ya kazembe. Masiku otsekera kufunsira amasintha chaka ndi chaka, choncho aziyang'ana yekha pamasamba a maofesiwo.

Pali vuto lina lomwe ana ambiri salidziwa. Zilembo za Chikoreya, Hangul, zinalengezedwa mu 1446. Zolembedwa zakale kuposa pamenepo, ngakhalenso zambiri za boma zapambuyo pake, zili m'Chitchaina chakale cholemba, chomwe chinkagwiritsidwanso ntchito ku Japan ndi ku Vietnam. Wofufuza za Goguryeo ndiye kuti ali ndi zinenero ziwiri zoti alimbane nazo, ndipo ndi ntchito ya zaka. Ngati cholinga chake n'kupeza ntchito msanga, ine ndingamulangize asankhe nkhani ya zaka 150 zapitazi, monga kugawidwa kwa Korea mu 1945, n'kuimanga pamodzi ndi maphunziro a ubale wa mayiko. Zolembedwa zake n'zochuluka, zina zilipo m'Chingerezi, ndipo olemba ntchito amazimvetsa msanga.

Adziwenso kuti komwe akaphunzire kudzapendeketsa zomwe akamve. Mphunzitsi wa ku Seoul ndi wa ku Changchun ku China sangamufotokozere Goguryeo mofanana. Pakalata yofunsira malo asalembe ngati waweruza kale mlandu. Alembe funso limodzi laling'ono, asonyeze kuti mbali zonse ziwiri waziwerenga, ndipo atchule mphunzitsi wa payunivesitepo yemwe amafufuza zofanana nazo.

Inu Bambo, mupatseni miyezi isanu ndi umodzi. Akakubweretserani zotsatira za mayeso oyamba a chinenero ndi mayina a mayunivesite atatu omwe wawafufuza yekha, mulekeni apite. Akabwera chimanjamanja, mukhalenso pansi mukambirane zamalamulo zija.