Mabowo 96, timitanda 96: kodi ndidinedine mpaka kuche?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira ntchito yojambula mapulani ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya AutoCAD pa kampani ina ya zitsulo ku Kanengo. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa: "Akulu, andipatsa mapuleti 24 okhala pansi pa mizati ya shedi, puleti iliyonse mabowo 4. Abwana akuti bowo lililonse likhale ndi kamtanda kosonyeza pakati. Ndakhala ndikudina limodzilimodzi mu AutoCAD mpaka minibasi za ku Area 25 zinandisiya. Kodi palibe njira yosankhira ma circle onse nthawi imodzi?"

Achimwene, njira ilipo, koma si batani. Command ya CENTERMARK, imene inabwera ndi AutoCAD 2017, imapempha circle imodzi, kuika kamtanda, n'kupemphanso ina, mpaka mutadina Enter. Ma circle 10 mutha kupirira nawo. Koma 96 ndi chilango.

Musanathamangire mankhwala, onani kaye command imene mukugwiritsa ntchito, chifukwa zilipo ziwiri ndipo ambiri amene tinaphunzira kalekale manja athu amangolemba yakaleyo, DIMCENTER. Imeneyi imangojambula timizere wamba, kukula kwake kumachokera ku DIMCEN, ndipo timizereto sitidziwana ndi circle yake. Mukasuntha bowo, kamtanda kamatsala pomwepo ngati mwana woiwalidwa pa depoti. Kamtanda ka CENTERMARK n'komangirira ku circle yake: bowo likasuntha kamalitsatira, likakula nako kamakula.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi manyazi. Ndinajambulira mmisiri wina wa ku Mchesi mapuleti a sitandi ya thanki ya madzi. Iye sankafuna zowerenga manambala ambiri. Ankati ndimupulintire pepala la 1:1, amate pa chitsulo, aike panchi pa kamtanda, amenye hamala, abowole. Madzulo ake mwini thanki anasintha maganizo, ndinasuntha mabowo awiri ndi mamilimita 5, timitanda ta DIMCENTER tinatsala pakale. Pa sikirini simungaone msanga, chifukwa kamtanda kadali m'kati mwa circle. Mmisiriyo anamenya pamene panali kamtanda, monga mmene aliyense akanachitira. Tsiku lomanga, mabawuti awiri anakana kulowa, ndipo ndinaima pa dzuwa la mu Okutobala ndikumuonerera akukulitsa mabowo ndi tupa, osandiyankhula. Kuyambira pamenepo ndimadziwa kuti kamtandaka si kokongoletsa pulani. N'ka munthu wa panchi uja.

Tsono mankhwala ake ndi AutoLISP, chiyankhulo chaching'ono chimene chili m'kati mwa AutoCAD momwemo. Musaope dzinalo. Tsegulani Notepad, mulembe izi ndendende:

(defun c:TIMITANDA (/ ss i)
  (if (setq ss (ssget '((0 . "CIRCLE"))))
    (progn
      (command "_.UNDO" "_BE")
      (repeat (setq i (sslength ss))
        (setq i (1- i))
        (command "_.CENTERMARK" (ssname ss i) "")
      )
      (command "_.UNDO" "_E")
    )
  )
  (princ)
)

Sungani fayiloyo ndi dzina lakuti timitanda.lsp, muonetsetse kuti Notepad sinawonjezere .txt kumapeto, chifukwa apa m'pamene ambiri amagwera. Mu AutoCAD lembani APPLOAD, sankhani fayiloyo, dinani Load. Ikakufunsani ngati mukuikhulupirira, vomerani, popeza mwailemba nokha. Kenako lembani TIMITANDA, kokani bokosi kuzungulira mapuleti onse 24, dinani Enter. Ngati mukufuna kuti izipezeka tsiku lililonse osaitananso, iikeni mu Startup Suite, pa windo lomwelo la APPLOAD.

Chimene chikuchitika n'chosavuta. Mzere wa ssget uli ngati sefa: ngakhale bokosi lanu litakuta mizere, manambala ndi zolemba, umangotola ma circle okha. Mzere wa repeat ndi umene ukugwira ntchito imene chala chanu chimagwira, kupatsa CENTERMARK circle imodzi imodzi. Ma UNDO awiriwo ndinawaika dala, kuti zikalakwika mubweze zonse ndi U mmodzi, osati 96. Mukafuna kuti ma arc, zidutswa za circle, nawo alandire, sinthani "CIRCLE" akhale "CIRCLE,ARC", koma samalani, chifukwa ngodya iliyonse imene munaizungulitsa ndi FILLET pa mizere wamba idzalandiranso kake.

Simunandiuze kuti pa ofesi panu pali AutoCAD iti. Ngati ndi LT, AutoCAD yochepetsedwa ija, AutoLISP inayamba kugwira mu LT 2024. Za m'mbuyo mwake sizimva chiyankhulochi. Pamenepo njira ndi ina, ndipo kunena zoona pa ntchito ngati yanuyi ndi imene ndikanayambira ngakhale LISP ilipo. Mapuleti 24 ofanana sajambulidwa ka 24. Jambulani imodzi, ikani timitanda take 4, muipange BLOCK, kutanthauza kumanga zonsezo kukhala chinthu chimodzi, n'kuimwaza ndi COPY kapena ARRAY. Mawa abwana akati mabowo atalikirane, mutsegula block ija ndi BEDIT, mukonza kamodzi, onse 24 asintha. Kumbukirani kuti sefa ija sisuzumira m'kati mwa block. Ma circle a mmenemo muziwaikira timitanda muli mu BEDIT momwemo.

Tsopano pano m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa kuika timitanda 96 m'kamphindi n'kosavuta, koma kuika timitanda 96 tolakwika n'kosavutanso chimodzimodzi. Konzani zinthu zingapo musanalembe TIMITANDA.

Choyamba ndi CENTERLAYER, imene imasankha layer ya timitanda (layer ndi gulu limene mumaikamo mizere ya mtundu umodzi). Mukaisiya mmene inabwerera, timitanda timagwera pa layer imene muli nthawi imeneyo, ndipo kawirikawiri imakhala ya mizere yonenepa ya chitsulo. Populinta, kamtanda kamatuluka konenepa ngati kolembedwa ndi makala, wa panchi osadziwa kuti pakati penipeni ndi pati. Pangani layer yake, mzere wowonda wa 0.18 kapena 0.25, mupatse CENTERLAYER dzinalo. Mizere ya pakati imakhala yowonda, yodukaduka, kachidutswa katali kenako kakafupi, ndipo AutoCAD imayambira pa mtundu wotchedwa CENTER2, umene mungasinthe ndi CENTERLTYPE.

Kukula kwa kamtanda kuli mu CENTERCROSSSIZE, imene imabwera ili pa 0.1x. Ka x kameneko kakutanthauza kuti kamtanda kazitsatira kukula kwa circle. Bowo la mamilimita 18, la bawuti ya M16, lidzakhala ndi kamtanda kosakwana mamilimita 2. Pa pepala la 1:1 kamaoneka, koma pa A3 ya 1:20 n'kadontho chabe. Mukachotsa x n'kulemba nambala yokha, timitanda tonse timakhala tofanana, bowo likule kapena lichepe. Ine pa mapuleti ndimakonda choncho. CENTEREXE ndi imene imanena kutalika kwa mizere yotulukira kunja kwa circle, ndipo pa ma drawing a mamilimita imayambira pa 3.5. Mabowo akathithikana, mizereyi imalowererana n'kukhala ngati ukonde wa usipa. Ikani CENTERMARKEXE pa 0, patsale kamtanda kokha. Zonsezi zimagwira pa timitanda tatsopano. Mukaziiwala n'kukumbukira mutaika kale, tisankheni tonse ndi SELECTSIMILAR mukatikonzere mu Properties.

Chinanso ndi ma circle ogonerana. Pulani imene yadutsa m'manja mwa anthu atatu pa flash imakhala ndi ma circle awiri kapena atatu pamalo amodzi, osaoneka ndi maso. Chala chanu chikanadina imodzi, koma LISP ilibe maso, idzapatsa iliyonse kamtanda kake. Yambani mwayendetsa OVERKILL kuti ichotse obwereza. Vuto lomweli lili pa bowo limene mwalijambulira washa pamwamba: ma circle awiri, pakati pamodzi, timitanda tiwiri. Apa sefa ija itha kuthina. Mukalemba '((0 . "CIRCLE") (40 . 9.0)) m'malo mwa zija, idzangotola ma circle a radius 9, kutanthauza mabowo a 18 okhaokha, mawasha n'kuwasiya.

Ndipo mukaona kuti mwakoka bokosi koma palibe chimene chasankhidwa, musanatukwane kompyuta, dinani bowo limodzi mulembe LIST. Mapulani amene anachokera ku PDF kapena ku pulogalamu ina nthawi zambiri mabowo ake amakhala ma polyline kapena ma spline ongooneka ngati circle. Amenewo muyenera kuwajambulanso, ndipo ndi bwino kutero, chifukwa ngakhale makina odulira zitsulo amayenda monjenjemera pa bowo lopangidwa ndi tizidutswa.

Pa ma flange, zitsulo zozungulira zolumikizira mapaipi ndi mabawuti, musagwiritse ntchito TIMITANDA pa mabowo a mabawuti. Idzaimika timitanda tonse chilili, pamene pa flange mzere umodzi uyenera kuloza pakati pa flange, winawo n'kukhala circle yaikulu yodutsa pakati pa mabowo onse, ija timaitcha PCD. Jambulani PCD pa layer ya mizere ya pakati, bowo limodzi ndi kamzere kake kolidutsa, kenako ARRAYPOLAR izungulitse zonse.

Za abwana anu akuti bowo lililonse, pa mapuleti a shedi akunena zoona, chifukwa lililonse lidzamenyedwa panchi. Koma tsiku lina adzakupatsani sefa ya chigayo kapena chivindikiro cha ngalande chokhala ndi timabowo mazanamazana. Pamenepo musaonetse mphamvu za LISP. Ikani timitanda pa mabowo a m'ngodya, lembani mtunda wa pakati pa bowo ndi linzake, ndi chiwerengero chake, basi. Mukaika ponseponse pepala limada bii, fayilo imalemera, ndipo laputopu ya pa ofesi imayamba kulira fani magetsi atazima, batire ili pa 12%.

Mukamaliza mapuleti anuwo, sunthani bowo limodzi dala muone ngati kamtanda kalitsatira, kenako mubweze ndi U. Kakatsala, CENTERREASSOCIATE imakamangiriranso ku circle yake. Kenako pulintani puleti imodzi, mupite nayo ku workshop, muipereke kwa amene adzabowole, muone ngati akufinya maso.