Kodi zilonda zapakhosi zingawononge bwanji mtima?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 11 amachita befu akangoyenda pang'ono, ndipo kuchipatala anandiuza kuti chitseko china cha mumtima mwake chinawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi. Kodi mumtima mulidi zitseko? Nanga pakhosi ndi pamtima pali mgwirizano wanji? Ndine mayi wa ku Mchinji.

YANKHO: Pepani mayi ndi matendawa. Zitsekozo zilimodi, ndipo zilipo zinayi.

Mtima, womwe kukula kwake n'kofanana ndi chibakera cha mwiniwake, uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumanja ndi ziwiri kumanzere. Magazi amene azungulira m'thupi n'kusiyamo mpweya wabwino amafikira kumanja, komwe amakankhidwira kumapapo. Akatenga mpweya kumeneko amabwerera kumanzere, ndipo chipinda cham'munsi cha mbali imeneyi, chomwe khoma lake n'lochindikala kuposa zina zonse, chimawapopera m'thupi lonse mpaka kuzala zakuphazi. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo ngakhale atangokhala phee, mtima umapopa magazi ochuluka chomwecho pa mphindi imodzi.

Potulukira pa chipinda chilichonse pali chitseko chopyapyala chimene chimatsegukira mbali imodzi yokha, n'cholinga choti magazi asabwerere kumene achokera. Mukagunditsa khutu pachifuwa cha mwanayo, kaphokoso komveka kawiri motsatizana komwe mungamve ndi ka zitsekozi pamene zikutsekeka.

Zilonda zina zapakhosi zimayamba ndi mabakiteriya otchedwa Streptococcus, ndipo zikapanda kuchiritsidwa, chitetezo cha m'thupi chimatha kusokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi zitseko za mtima ngati kuti nazonso ndi mdani. Chitseko chimene chimavulala kawirikawiri ndi cha pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere. Chikamalephera kutsekeka kapena kutseguka bwino, magazi amabwerera n'kumadzazana m'mitsempha ya m'mapapo, ndipo befu mukumuonayo amachokera pamenepo.

Ngati achipatala anamulembera jakisoni wa penisilini wobaya pakatha masabata atatu kapena anayi alionse, chonde musamudumphitse ngakhale mwanayo akuoneka kuti ali bwino, chifukwa ngakhale sakonza chitseko chowonongeka, amateteza kuti chisawonongeke mopitirira. Chimene chimatidandaulitsa n'chakuti ambirife zapakhosi timaziona ngati zazing'ono. Abale ake a mwanayu, makamaka a zaka 5 mpaka 15, akamva kuwawa pomeza limodzi ndi kutentha thupi, apite kuchipatala msanga.