Kodi mbendera ya nkhondo ya ku America ikutani ku Brazil?

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa Facebook zithunzi za anthu a ku Brazil atavala ngati asilikali akale a ku America, akuvina pafupi ndi manda. Kodi chikondwerero chimenechi chinayamba bwanji?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Amene munawaonawo ndi zidzukulu za mabanja omwe anasamuka ku America itatha nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Zigawo za kumwera, zomwe zinkamenyera kuti ukapolo upitirire, zinagonja, ndipo anthu ena a kumeneko anakana kukhala pansi pa boma lomwe linawagonjetsa. Mfumu ya ku Brazil, Dom Pedro II, inawakopa ndi malo otsika mtengo chifukwa inkafuna alimi odziwa thonje. Ambiri anabwerera kwawo zinthu zitawavuta, koma gulu la William Norris wa ku Alabama, chimodzi mwa zigawo za kumwera zija, linakhazikika m'chigawo cha São Paulo, ndipo dzina la mzinda wa Americana linachokera kwa iwo.

Manda amenewo ali kufupi ndi mzinda wa Santa Bárbara d'Oeste. Popeza obwerawa sanali Akatolika, sankaloledwa kuika maliro awo m'manda a Akatolika, choncho anapatula awoawo. Pamenepo ndi pomwe pankachitikira chikondwerero chotchedwa Festa Confederada, kawirikawiri mwezi wa Epulo, ndipo amayi ankavala madiresi aatali otambalala, abambo yunifolomu yotuwa ngati ya asilikali a zigawo za kumwera, anthu n'kumavina magule a makolo awo ndi kudya nkhuku yokazinga, ngakhale kuti pakhomo amalankhula Chipwitikizi. Jimmy Carter, yemwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wa America, anafikako mu 1972 ali bwanamkubwa wa chigawo cha Georgia.

Kusonkhana pa manda a makolo sindikukuona kulakwika, pakuti nafenso timakumana pa ziliza, kulambula ndi kudyera pamodzi. Chimene chimandipweteka mtima ndi mbendera ya nkhondo ya zigawo za kumwera zija, imene ankaionetsa pa chikondwererocho. Eni ake amati kwa iwo ndi chikumbutso cha agogo basi, koma agogo amenewo anasankha dziko lomwe ukapolo unali wololedwabe, ndipo ena mwa iwo atafika anagulanso akapolo. Brazil inathetsa ukapolo pa 13 Meyi 1888, patapita zaka zoposa 20 chithere nkhondo ija. N'chifukwa chake magulu a anthu akuda a m'derali ankachita zionetsero zotsutsa mbenderayo, pakuti nawonso ali ndi agogo amene analima minda ya dziko lomwelo ali akapolo.