Amalume a ku Katete akufunsa: ndikapalasa njinga, mphwanga apindula chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa abambo ena a ku Katete. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 6. Akadzicheka magazi sasiya msanga, ndipo mabondo amangotupa. Madokotala ku Lusaka anati ndi haemophilia. Tsopano gulu lina likukonza ulendo wapanjinga kuchoka ku Katete kukafika ku Chipata, wosonkhetsa ndalama zofufuzira matenda osapezekapezeka. Ndikufuna kupalasa nawo, koma njinga yanga ndi yakumunda, yopanda magiya. Ndingakwanitse? Abale nawonso akundifunsa kuti ndalamazo zimuthandiza bwanji mwanayo. Ndiwayankhe chiyani?"

Amalume, ndiyambe ndi funso la abalelo, chifukwa ndilo lolemera. Za njinga tifikako.

Auzeni zoona: ndalama za kafukufuku sizigula mankhwala a mphwanu chaka chino, mwinanso ngakhale chaka chamawa. Mukawauza kuti "perekani mwana achire", bondo likadzatupanso pakatha miyezi iwiri adzakufunsani kuti ndalama zija zinapita kuti, ndipo mudzasowa chonena. Amene akupereka adziwe kuti akuperekera ana ambiri, ena osabadwa n'komwe.

Chifukwa chomwe anthu amachita kupalasira njinga matenda amenewa n'chakuti alibe msika. Ku Ulaya nthenda amaiika m'gulu limeneli ikamagwira munthu wosaposa mmodzi mwa anthu 2,000. Matenda otere alipo oposa 6,000, ambiri ndi obadwa nawo, ndipo padziko lonse odwala ake ndi pafupifupi 300 miliyoni. Kuwaphatikiza ndi ambiri, koma nthenda iliyonse payokha ili ndi anthu ochepa, ndiye kampani yamankhwala ikawerengera imaona kuti sipezapo phindu. N'chifukwa chake ambiri mwa matendawa mpaka lero alibe mankhwala akeake.

Musaganize kuti izi ndi za azungu okha. M'chigwa cha Luangwa muli kaodzera, wobwera ndi kashembe. Odwala ake ndi ochepa, ndi osauka, ndipo amakhala kutali ndi zipatala zazikulu. Kuyambira 1949, nthendayi ikafika ku ubongo ankadalira melarsoprol, jakisoni wamumtsempha wokhala ndi poizoni wa arsenic, yemwe ankapha wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Bungwe la DNDi, lomwe silichita malonda ndipo limayendera ndalama zothandizidwa, linayesa mapiritsi a fexinidazole ku Rumphi m'Malawi komanso ku Uganda. Mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti mapiritsiwa, omwa masiku 10, amathandiza pa kaodzera wa kuno kwathu. Werengani nokha zaka zomwe zinadutsa pakatipo. Kafukufuku amayenda chonchi, ndipo amafika ndithu.

Pa haemophilia nkhani ndi yosiyana pang'ono, ndipo apa ndinena maganizo anga. Nthendayi yafufuzidwa kwambiri. Zimadziwika kuti m'magazi mumaperewera chinthu chothandiza kuti aundane, factor VIII kapena factor IX. Mu 2017 ku America anavomereza emicizumab, jakisoni wobaya pakhungu woteteza kutaya magazi, ndipo mu 2022 anavomereza mankhwala ena okonza chibadwa, omwe mtengo wake panthawiyo unali madola 3.5 miliyoni pamunthu mmodzi. Kafukufuku ali ngati mtengo wobala, koma zipatso zimayamba kugwera kubwalo kwa olemera. Kwa mwana wa ku Katete chosowa lero ndi kuyezedwa msanga, factor kupezeka pafupi, ndi ndalama yabasi yopitira ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, makilomita pafupifupi 500. Ine ndikanakonda gulu lomwe kafukufuku wake ndi wa zinthu zoterezi: kuwerenga kuti ana otere alipo angati m'chigawo chino ndipo akuthera kuti. Ngati banja lanu silinalumikizane ndi Haemophilia Foundation of Zambia, teroni, kaya mupalasa kaya ayi.

Ndiye musanatenge fomu yosonkhetsera, khalani pansi ndi okonzawo. Aonetse pepala lakuti gulu lawo n'lolembetsedwa kuboma. Ndalama zikulowa mu akaunti ya gulu kapena pa nambala ya Airtel Money ya munthu mmodzi? Kafukufukuyo akuchita ndani, kuchipatala kapena kuyunivesite iti? Ku Zambia kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi National Health Research Authority, malinga ndi lamulo la 2013, choncho ngati akuchitikira kuno chilolezo chiyenera kukhalapo. Funsaninso kuti pa K100 iliyonse zingati zipita ku masikipa, mafuta agalimoto ndi chakudya. Kuwononga kotere kumakhalapo, si kuba ayi, koma wachilungamo amayankha osakwiya. Wina akayamba zakuti "simutikhulupirira?", sungani miyendo yanu. Inunso lembani m'kope dzina la aliyense ndi ndalama yomwe wapereka, ngakhale K5, ndipo mukapereka landirani lisiti.

Phindu lomwe mphwanu angalione msanga lili kumudzi komweko. Poyenda ndi fomu mudzafotokoza nthendayi khomo ndi khomo, ndipo inu ndinu mwini mbumba, mawu anu amamveka. Anthu amve kuti si ufiti. Nthawi zambiri imadutsira mwa mayi n'kuonekera mwa ana aamuna, koma mayiyo sanalakwe kanthu, ndipo mwa odwala atatu alionse mmodzi amabadwa nayo m'banja lomwe simunamvekepo nthendayi. Agogo amve kuti mwanayu asatemedwe mphini. Asazulidwe dzino kapena kuchitidwa mdulidwe madokotala ake osadziwa, ndipo asapatsidwe aspirin kapena brufen wogula pakantini. Mawu amenewa akhoza kupulumutsa mwana chaka chino chomwe. Inunso amalume, popeza munatuluka mimba imodzi ndi mayi ake, ngati munavutikapo ndi magazi osasiya kapena mfundo zotupa, kayezetseni musanakwere njinga ulendo wautali.

Tsopano njinga. Kuno kufunsa ngati njinga yakumunda ingafike ku Chipata n'koseketsa pang'ono. Anthu amakwera nazo zitunda atasenza matumba amakala, mbuzi pakaliyala, ena mpaka zitseko. Kuchoka ku Katete ndi makilomita pafupifupi 90, ndipo munthu wozolowera amafika tsiku lomwelo. Kupanda magiya kumangotanthauza kuti pachitunda china mudzatsika n'kukankha, anyamata a njinga zopepuka n'kukupitirirani. Asiyeni, si mpikisano.

Chomwe chimagwetsa anthu ndi chishalo, osati miyendo. Kupalasa kupita kumunda n'kosiyana ndi kukhalapo maola 6 kapena 7. Yambani kukonzekera kukadali mwezi ndi theka: Loweruka lililonse muziwonjezera mtunda mpaka mufike makilomita 60, ndipo sabata yomaliza mupume. Kwezani chishalo kuti mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikakhala pansi, apo ayi mabondo adzalira. Pitani nayo kwa okonza njinga aone mabuleki, tcheni ndi masipoko. Nyamulani pampu, chubu chapadera, zigamba, guluu ndi sipanala.

Madzi muzimwa ludzu lisanafike. M'botolo lina la lita imodzi sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Nthochi, mbatata yophika ndi nsawa n'zokwanira. Nsima yambiri pakati paulendo imangobweretsa tulo.

Msewu ndiwo ndimauopa. Great East Road ndi ya mathiraki opita ku Mwami ndi ku Chanida, ndiponso mabasi omwe sadziwa buleki. Okonza ulendo akhale atadziwitsa apolisi, ndipo pakhale galimoto kutsogolo ndi ina kumbuyo yonyamula otopa. Palasani kumanzere mondondozana, valani helimeti ndi chovala chowala, ndipo nyamukani kukangocha, osati kukadali mdima.

Simunandiuze mwezi. Tsiku lokumbukira matenda osapezekapezeka, lomwe linayamba mu 2008, limakhala lomaliza la February, koma kuno imeneyo ndi nthawi ya mvula, komanso ya mwambo wa Angoni wa Nc'wala, pomwe magalimoto opita ku Mtenguleni amadzaza msewu womwewo. October ndiye musayese, dzuwa lake mukulidziwa. Ngati deti sanakhazikitse, atchulireni 17 April, tsiku la haemophilia padziko lonse, mvula ikamatha.

Mphwanu adzalirira kukwera nanu, ndipo ojambula zithunzi adzafuna zomwezo. Kanani. Mwana wa haemophilia akagwa n'kumenyetsa mutu, magazi akhoza kutayikira mkati kunja osaoneka kanthu, ndipo pamenepo n'kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Akwere minibasi ndi mayi ake, mukakumane ku Chipata.